Ulendo Wokasaka Kambuzi ku Telford

Lolemba
...ndiye a Dennis akukuwa, lezala ili pakhosi pawo, "Zonsezo chifukwa cha tsabola!" Ndatsala pang'ono kuwatema. A Dennis ndi nkhalamba ya ku rumu 9 kuntchito kwathu kosamalira okalamba. Anali aphunzitsi a histole, ndipo ndikamawameta ndevu amandipatsa sukulu yaulere. Akuti kalekale Apwitikizi anatopa kugula tsabola wa ku India kudzera mwa Aluya ndi amalonda a ku Venisi, aliyense akuikapo yake. Ndiye anakwera zombo n'kuzungulira Afirika yense kufuna njira yawoyawo.

Nkhani yanga ndendende! Madamu ali ndi pakati, miyezi isanu ndi umodzi, ndipo pakamwa pawo sipakulowa kanthu popanda tsabola wa kambuzi. Mu Birmingham monse muno wogulitsa kambuzi ndi mmodzi: Anti Nabanda. Kabotolo ngati chala, mtengo ngati wa njinga. Venisi wathu ndi ameneyu. Kumene amakamutenga sanena. Ine ndikapeza gwero lake.

Lachiwiri
Ndalengeza pagulu la pafoni la anthu a kutchalitchi: "Ukapolo wa kambuzi watha. Pofika Loweruka ndikhala ndikugawa ngati masuwiti." Anti ayankha mwachidule: "Muyende bwino, a kaputeni." Kenako aimbira madamu kuti oda ya sabata ino aikansela.

M'botolo mwatsala masupuni awiri.

Zofunika paulendo:
chombo: galimoto ya Mulenga, mnzanga wa ku Zambia
woyendetsa: Mulenga yemweyo
malalanje, poti a Dennis akuti amalinyero ankaguluka mano posowa zipatso
mtima wa mkango: ndili nayo iwiri.

Lachitatu
Ulendo woyamba, wapansi: mashopu a mu Bordesley Green. Ndalowa khumi ndi awiri, mwina makumi atatu. Kwa Mpakisitani wina ndapeza katsabola kachikasu. Ndakatcha kambuzi pomwepo! A Dennis akuti mmodzi mwa azungu aja anasochera, anafika dziko lina n'kutcha eni ake Amwenye, mpaka kufa osavomera kuti anasochera. Munthu wapamtima panga ameneyo.

Madamu anunkhiza kamodzi kokha. "Bambo, mwana ali m'mimbayu si wopusa." Adyera wa m'botolo uja. Yatsala supuni imodzi.

Lachinayi
Amalinyero agalukira! Mulenga amupatsa dabo shifiti. Akuti, "Iwe mdala, nili bize. Yenda na basi."

Ndamva kuti namwino wina wa kuchipatala cha Walsgrave, ku Coventry, ali ndi kambuzi. Ndapita. Mabasi atatu, mphepo ya ku Coventry yofuna kundithothola makutu. Andionetsa botolo lawo. Pachivindikiro pali malembedwe a Anti Nabanda. Mtunda wonsewu kudzaona botolo la kwathu lomwe! Koma andinong'oneza: "Anti amakamutenga ku Telford, kwa bambo wina wolima kuseri kwa nyumba." Andilembera msewu padzanja.

Lachisanu
Botolo latha. Madamu alitsukuluza ndi madzi otentha n'kuthira pampunga. Ine ndikuyang'ana kumbali. Adya masupuni atatu basi, akagona osandiyankhula. Azamba ananenetsa kuti azidya mokwanira. Apa sindikuseka ayi.

Mphatso za mfumu ya ku Telford. A Dennis akuti Apwitikizi anafika ku India ndi zipewa, mabeseni ndi uchi, eni dziko n'kuwaseka. Ine ndagula mabisiketi a m'chitini ndi sikafu. Ameneyo sangandiseke.

Loweruka
Telford! Sitima, kenako mapazi. Dziko lopanda woyenda pansi ndi mmodzi yemwe. Maraundabauti okhaokha, nyumba zofanana ngati mazira. Chimkuntho chandipeza pakati pa mawerehausi, matalala ngati mbatata, ndabisala maola awiri. Msewu wina ndaudutsa katatu, ndautcha dzina langa.

Ndafika. Kuseri kwa nyumba kuli kanyumba ka pulasitiki, kambuzi wachikasu mpaka kudenga. Ndatsala pang'ono kugwada. Bamboyo alandira mabisiketi, atsegula, adya awiri. Sikafu akana.

"Ndinu a kaputeni aja? Achemwali anga a Nabanda anandiimbira Lachiwiri lomwe. Mitengo yonseyi ndi yawo, ine ndimangothirira."

Ndapempha ngakhale katsabola kamodzi koika m'thumba. "Mukufuna ndisowe pokhala, achimwene?"

Andipatsa tiyi.

Lamulungu
Apwitikizi akakanizidwa ankabwerera ndi mizinga. Ine ndili ndi sikafu.

Potuluka m'tchalitchi ndapita kwa Anti, gulu lonse likuona, chipewa m'manja. Andisiya ndipepese mpaka mawu andithera. Kenako atulutsa mabotolo awiri m'chikwama n'kupatsa madamu. "Awa ndi a mwanayo, aulere. Koma a kaputeni azikanditengera katundu ku Telford Loweruka lililonse, poti njira aidziwa."

Ndavomera. Ndikanatani? Madamu adya mbale ziwiri, thukuta lili kamukamu, ndipo andiitana ndi dzina langa koyamba chiyambire Lachitatu. Njira ndaipeza ndithu, kungoti katundu ndi wa eni.

Za chimkuntho cha dzulo zija ndanama. Kunali dzuwa. Ndinangokhala pabenchi maola awiri, kuopa kugogoda.