Ndege Yosaodira

Mu Fort Jameson monse, munthu wodzudzula ndege anali mmodzi yekha, a Alfonsi Miti. Ena ankathawa ikamatera. Iwo ankaidikirira, khasu lili paphewa, kuti aiphunzitse mwambo.

Nkhani inali ya munda. Bwalo la ndege linali la udzu, lalifupi, ndipo pamene linathera m'pamene panayambira nsawa zawo. M'dzinja udzu ukanyowa, kandege ka makalata kankatera bwinobwino, kenaka n'kumangotsetsereka, kupitirira miyala yopaka laimu ya m'malire, mpaka kukazika mphuno m'mizere.

Tsiku loyamba akazi awo, a Ketilina, anadziponya pansi. Podzutsa mutu anaona amuna awo ataima maso ndi maso ndi mzungu woyendetsa.

"Waodira kwa yani?"

"Pepani, bambo, mabuleki..."

"Mabulekiyo ndi mbale wako? Nayenso aodire. Pakhomo pa munthu amati odi. Bwerera!"

Mzungu anabwereradi pamiyala paja. "Odi," anatero, ngati wameza fupa.

"Eee, lowani, lowani! Mwayenda bwanji kumwambako? Amake Emma, mlendo wafika, muotchereni chimanga."

Atadya m'pamene anaitana anthu kudzakankha ndege.

Mzunguyo anamutcha Kamphuno. Anaphunzira msanga, moti ndege ikayamba kutsetsereka ankatulutsa mutu n'kukuwa, "Odiii!" A Alfonsi, akudumpha mizere kuthawa, ankayankha, "Lowani, mwalowa kale!"

Kenaka a Boma anaganiza zotalikitsa bwalo, kutenga mundawo. Anafika ndi zingwe zoyezera, koma anangolowa. Analankhula, analankhula. A Alfonsi ankangopalira.

"Atate ake Emma, a Boma akulankhula nanu."

"Ndani? Ine sindinamve odi. Muno tilimo awiri."

Atabweranso anakumbukira kuodira. A Alfonsi anayankha mwaulemu, "Eni ake achokapo," n'kupitiriza kupalira. Madzulo anauza akazi awo, "Akatenga munda, mlendo wanga azifikira kuti?"

Chibayo chinawatenga a Alfonsi m'dzinja, nkhondo ya azungu ili mkati. A Ketilina sanalire. Anthu anawanong'ona, koma misozi sinabwere basi. Zikhomo za a Boma zinazikidwa matope a pamanda asanaume: akakolola, munda upita. A Ketilina ankadzuka, kupalira, kubwerera kunyumba.

Tsiku lina kutagwa mvula, kandege kanatsetserekanso mpaka m'nsawa. Kunalibe wothawa, kunalibe woyankha. Kamphuno anatsika, anayang'ana uku ndi uku, n'kubwerera yekha pamiyala. Anavula chipewa.

"Odi."

A Ketilina anagwira mpini wa khasu. Mawu oti lowani ankawadziwa, koma sanali awo.

"Odi, amayi."

"Eni ake achokapo."

Mzungu anaseka, poyesa kuti ndi nthabwala ija. Iwo analoza ndi mlomo kumitengo ya kumanda. Kamphuno anaima pamiyalapo nthawi yaitali, chipewa chili m'manja. M'munda sanalowe. Ndege inakankhidwa ndi ena.

Pano bwalo n'lalitali. Pamene panali nsawa pali udzu wodulidwa bwino, ndipo ndege zimaima pamalo pake, anthu akuti ndi chitukuko. A Ketilina amalima kwa mwana wawo Emma, kuseri kwa chulu. Ndege ikamatera amaimitsa khasu, n'kutchera khutu mpaka injini itazima. Akatero amaweramanso.