Mankhwala a malemu bambo a Esinati

Pakamwa pangapa panatsala pang'ono kuwoletsa mwana wanga m'ndende ya kudziko la eni.

Bambo ake atamwalira, Esinati anapeza ntchito ya m'nyumba kudziko la Aluya. Ponyamuka ndinamulowetsera m'chikwama ufa wa malambe, woyera bwino, womanga m'timapepala ta pulasitiki. Malemuwo ankauthira m'phala m'mimba mukavuta, ndiye pakhomo pathu timangouti mankhwala. Mwanayo sindinamuuze (akanakana, mukuwadziwa ana a masiku ano).

Tsiku lina ndikuyanika usipa ku Chipoka, foni inalira. Anali mayi wina waulemu wake.

"Mayi, ndikuimba kuchokera ku ofesi ya kazembe."

Kazembe amene ndimamudziwa ine ndi wokonza njinga pa Khombedza. "Ha, a Kazembe atsegula ofesi? Muwauze tcheni chija chadukanso."

Mayi uja anati: "Ayi, ndife oimira dziko la Malawi kunja kuno. Esinati wamangidwa pabwalo la ndege. Amupeza ndi mankhwala, koma akulumbira kuti sakuwadziwa."

"Akunena zoona! Ndinaikamo ndine."

"Inu? Munawatenga kuti?"

"Ndimasinja ndekha. Mudzi wonse umadzatapa kwa ine, ngakhale abusa. Ana ndiye amachita kunyambita m'manja."

"Mayi, apolisi akuno ali pompano, ndipo ndikuwamasulira zonse."

"Amasulireni bwino. Akafuna ndiwatumizira, koma asamachulutse."

Apo ndinamva Esinati akukuwa chapatali: "Amayi, khalani chete! Akunena ozunguza bongo!"

Ndinakhala pansi, pa usipa womwewo.

Mayi wa ku ofesi uja, Mulungu amudalitse, ankapita kundende kukamuona mwanayo, ndipo anakakamira kuti ufawo aupime. Koma chifukwa cha nkhani ya abusa ndi ana ija, apolisi anaupima kawiri. Mwamuna ndinali nditaika kale m'manda, ndiye nditayenso mwana chifukwa cha malambe?

Anamutulutsa, koma ntchito ija anali atalembapo wina. Anabwerako, ndipo tsopano akugwira ntchito ku Lilongwe.

Akabwera kudzandiona, ponyamuka amakhuthulira chikwama chonse pamphasa, nakutumula chovala chimodzichimodzi, maso ali pa ine. M'thumba la jekete sayang'anamo.