Mmene ndinalimbanira ndi kompyuta pooda jinja

Mpaka lero anzanga a ku Al Qusais, mu Dubai, akandiona amayamba kununkhiza m'mwamba ngati agalu osaka. Ndimawasiya aseke. Koma popeza nkhaniyi ikumafotokozedwa mokhota, ndati ndiifotokoze ndekha.

Nthawi ya Covid ndinkagwira ntchito pa kampani ina yopikulitsa zakudya m'masitolo ndi m'mahotela a mu Dubai. Ntchito yanga inali yooda katundu. Kompyuta inkawerengera zomwe zagulidwa n'kundiuza kuti sabata yamawa pafunika makatoni mwakuti a anyezi, mwakuti a adyo. Ine ndinkayang'ana nambalayo, n'kuwonjezerapo pang'ono. Nthawi zonse. Ndinakulira m'nyumba ya ana asanu ndi atatu, ndipo ndimadziwa nkhope ya munthu amene wafika mochedwa n'kupeza zatha.

Matenda atavuta, anthu anayamba kuchotsedwa ntchito. M'chipinda chathu chogona cha kampani mabedi awiri anali atatsala opanda eni. Ndiye tsiku lina bwana wathu, a Farid, anabwera ndi mtsikana wina wa ku India dzina lake Meera, atanyamula laputopu.

"Malawi," anatero a Farid (dzina langa lenileni linawakanika kalekale), "uyu akufuna aphunzire mmene umaganizira ukamaoda. Aphunzitsa kompyuta kuti iziganiza ngati iweyo."

Chinthu chikayamba kuganiza ngati iwe, ndiye iweyo ukutsaliranji?

Meera anali waulemu, sindinganame. Ankakhala patali, masiki kukamwa, n'kumafunsa modekha.

"Apa kompyuta inanena zochepa, inu munaoda zambiri. Chifukwa chiyani?"

"Ndinaona kuti sizikwana."

"Munaonera chiyani?"

"M'mimba," ndinatero, ndikuloza pamimba panga. Iye analemba. Sindikudziwa kuti analemba chiyani, koma analemba nthawi yaitali.

Patapita masabata angapo panaitanidwa msonkhano wa pa intaneti woti Meera afotokoze zomwe wapanga. Tsiku limenelo ndinadzuka pakhosi pakukanda. Mchemwali wanga wa ku Kasungu anali atanditumizira uthenga wa mawu pa foni kuti kumudzi aliyense akudzifukiza nthunzi ya jinja ndi mandimu. Ndinazimitsa kamera, ndinaika foni pabedi, ndinafunda bulangete pamwamba pa ndowa ya madzi otentha. Mawu a Meera ankamveka patali ngati wailesi ya a neba. Nditatulutsa mutu, thukuta lili kamukamu, ndinangomva a Farid akuti, "Malawi, wamva?"

"Ndamva bwino kwambiri, bwana."

Chomwe sindinamve n'chakuti nambala yatsopano ya kompyuta inali itaphatikiza kale kuwonjezera kwanga kuja. Inali itaphunzira kuti munthu uyu akaona anthu akugula mothamanga amachita mantha n'kuwonjezera, ndiye inkawonjezereratu m'malo mwanga. Ine ntchito yanga tsopano inali kungovomereza.

Lolemba ndinatsegula kompyuta. Jinja ankayenda kwambiri masiku amenewo, chifukwa Amwenye, Afilipino ndi ife tonse tinkamumwa ngati mankhwala. Nambala ya jinja ndinaiona kuti yakwera ndithu. Ndinati, eya, kamtsikana kaja kayesetsa, koma sikadziwa anthu. Ndinawonjezera.

Sabata yotsatira nambala inakweranso. Kompyuta ija inali itaona kuti ndawonjezera pamwamba pa zowonjezera, n'kuganiza kuti mantha anga ndi aakulu kuposa mmene inkayesera. (Izi ndinazimva pambuyo pake. Panthawiyo ndinangoona ngati ikundiderera.) Ndinati, iwe, ukufuna uonetse a Farid kuti ungathe popanda ine? Ndinawonjezera kawiri mmene ndimachitira.

Sabata yachitatu inabwera ndi nambala yoti munthu wanzeru akanaimba foni kufunsa. Ine ndinakhala tsonga pampando, ndinakoka masiki, n'kuikaponso yanga pamwamba. Tinali ngati amuna awiri pa chikwati amene akupikisana kufupa, wina aliyense osafuna kukhala pansi koyamba.

Katundu wochokera kunja amatenga nthawi panyanja, choncho kwa kanthawi kunali zii. Kenako m'mawa wina ndikutsika sitima ya Metro, foni inalira. Anali Tembo, mnzanga wa ku Chipata amene amalandira malole pageti.

"Mudala, uli kuti? Bwera uone vamene wachita."

"Chachitika n'chiyani?"

"Malole yafola mpaka ku msewu. Yonse ni jinja. Manje tizaika kuti?"

Fungo linandilandira ndisanakhote pakona. Chipinda chozizira chinali chitadzaza, makatoni ena atasanjidwa m'njira, ena pakhomo la ofesi, ena pafupi ndi pomwe anzathu achisilamu amapempherera. Madalaivala ankaliza mahutala. Anyamata otsitsa katundu ankayetsemula m'mamasiki, ndipo nthawi imeneyo munthu akayetsemula aliyense ankathawa.

A Farid anatiitanira mu ofesi, ine ndi Meera. Meera anatsegula laputopu n'kuonetsa mizere iwiri yokwera ngati makwerero, wina wa kompyuta, wina wanga, uliwonse ukuponda paphewa pa unzake.

"Ndinafotokoza pamsonkhano paja kuti musamawonjezerenso," anatero, mawu ali pansi. Maso ake anali ofiira. Ndinazindikira kuti nayenso ntchito yake inali pachiswe.

"Habibi," a Farid anandiyang'ana, akunditchula wokondedwa m'Chiarabu, "unati wamva. Unali kuti?"

"Ndinali m'bulangete, bwana."

Ndinaona kuti ngati ndikupita kwathu, ndipite nditayankhula.

"Bwana, mtsikanayu sanalakwe, musamukhudze. Koma inenso musandiyang'ane ngati wamisala. Munati chinthuchi chiziganiza ngati ine. Chaganiza ngati ine. Mukadzaika anthu awiri onga ine m'chipinda chimodzi, zotsatira zake ndi zimene zili panjazi. Ndipo chiyambireni ine pano, ndi sitolo iti inaimbapo foni kuti katundu wasowa?"

"Khalas, basi zakwana," anatero a Farid atagwira mutu. "Jinja ameneyu umugulitsa wekha. Akaola, iwenso ukwera ndege."

Masabata otsatirawo ndinasanduka mlaliki wa jinja. Ndinazungulira timasitolo ta ku Al Mankhool, ndinaimbira ophika a m'mahotela a ku Festival City, ndinanyengerera ogulitsa tiyi m'misewu. Tembo anauza Azambia onse a m'tchalitchi mwake. Jinja wambiri anagulidwa motchipa, wina anayamba kumera m'makatoni momwemo, timasamba tobiriwira titasuzumira panja. Malaya anga onse ankanunkha, moti m'sitima anthu ankandipatsa malo okwanira anthu atatu.

Ntchito sanandichotse. Meera anakonza kompyuta yake kuti munthu akawonjezera kwambiri iziyamba yafunsa kaye. Tsiku lomwe ankatsanzika anandiuza kuti pa anthu onse amene anawaphunzira, ine ndi amene ndinamuphunzitsa zambiri. Ndinasankha kuzitenga ngati chiyamikiro.

Mwina mukudikira kuti ndinene kuti ndinasintha. Ndege zitayambanso kuuluka ndinapita kwathu ku chinkhoswe cha mwana wa achimwene anga, ndipo abale anandiika mu komiti ngati woyang'anira zogula, poti ndine wa ku Dubai wodziwa za katundu. Amayi ophika ananena kuchuluka kwa kabichi wofunika. Ndinamvetsera mwaulemu, ndinapita kumsika, ndinabwera ndi ngolo.

Alamu anga anaima pakhomo manja ali m'chiuno. "Alamu, kodi tikudyetsa anthu kapena mbuzi?"

Anandichotsa mu komiti tsiku lomwelo. Koma kafunseni aliyense amene anabwera ku chinkhoswe chimenecho, ngakhale amene anafika dzuwa litapendeka, ngati anabwerera osadya.