Sabata Imene Mawu Anga Anaoloka Ruo

Lolemba

Alemekezeke Mwini zonse, pakuti lero ntchito ya zidina yapeza pakamwa. Zidina za kachisi wathu watsopano zili kudambo, zosawotcha, ndipo mitambo yayamba kuunjikana cha ku Mulanje. Zikapanda kusenzedwa ndi kusanjidwa mu uvuni Loweruka lino, mvula yoyamba idzazibwezera kudothi kumene zinachokera, ndipo ine, wapampando wa zomangamanga, ndidzayenda chozolika. Akhristu ali balalabalala m'malaini a esiteti, ndipo m'zigwa za tiyi foni sigwira.

Koma mkamwini wanga Jowasi, wa zamagetsi kufakitale, wandipezera makina akale oitanira anthu. Ndiwo awa:

- bokosi lalikulu, loyankhuliramo ine ndekha;
- timabokosi tisanu, tolira tswii tisanatulutse mawu anga;
- waya wokweza pansonga ya bulugamu.

Chokoma koposa nchakuti timabokosito timangomva, sitiyankha. Zaka zonsezi ndakhala ndikukhumba msonkhano wotere.

Lachiwiri

Timabokosi tija ndagawira madikoni asanu. Ndikuitana katatu pa tsiku, m'Chichewa ndi m'Chilomwe, kuti nkhalamba zisapeze chowiringula: Loweruka, poweruka kumunda, yense adze kudambo ndi nkhata yake, ndipo padzakhala thobwa. Ndimatsogoza chilimbikitso chachifupi, cha mphindi makumi awiri.

Kabokosi ka Adikoni a Muhiwa kalira ali pamzere wa sikelo yoyezera tiyi. Akapitawo, amene safuna mafoni m'munda, akalanda, nati adzakabweza mwezi ukatha. Sindidandaula. Mawu alowa m'thumba la akapitawo, kumene ine ndi miyendo yanga sindikanafika.

Lachitatu

Kachiwiri kagwera m'dengu la tiyi, kakwera thirakitala, kapita kufakitale. Jowasi akuti masana ndamveka ndikudandaulira mpingo pansi pa masamba ofota. Kachitatu, mwini wake akukasunga mumphika wovundikira, pakuti kakudzidzimutsa khanda. Tatsala tiwiri, ndipo kamodzi kali kwa dikoni wogontha khutu limodzi.

Ndafunsa mayi a kunyumba ngati kuchigayo anthu akukamba za uthengawu. Akuti akukamba ndithu. Chimene akukambacho sananene.

Lachinayi

Chozizwa! Bambo wina wogulitsa nandolo, wochokera tsidya la Ruo, wandimva ndikupatsa munthu moni panjira, natsika panjinga, nati, “Pepani agogo, kodi a mu ova-ova aja ndinu?”

Akuti eni mabwato a ku Mozambiki ali ndi mawailesi am'manja, otchedwa ova-ova, oitanirana padooko, ndipo chiyambire Lachiwiri, akafuna kuitana mnzawo, mukutuluka ine. Ena akutukwana. Ena apachika wailesi pamtengo kuti amayi odikira bwato azimvera. Taonani, ndinafesa padimba, mbewu yamera kutsidya. Masana ndawonjezera mphindi khumi, ndipo ndatchula bwinobwino njira yofikira kudambo.

Lachisanu

Kwabwera galimoto ya boma. Mwatsika mayi wachitsikana, wa ku ofesi yoyang'anira mafunde a wailesi. Akuti ali kuno sabata yonse kuyeza mafunde m'malire, ndipo ulaliki wanga waumva wonse. Ndathokoza.

Wagwada popereka moni, wamwa tiyi wathu, nandifotokozera mofatsa kuti mlengalenga munagawidwa monga mizere ya tiyi, yense ndi mzere wake, ndipo ine ndikuthyola mumzere wa eni. Pafunika laisensi. Ndiponso popeza tili pafupi ndi malire, boma lathu liyenera kulembera anzawo a kutsidya ndi kudikira yankho, kuti mafunde athu asalowerere awo. Ndamukumbutsa kuti mphepo ilibe malire. Wavomera, nati koma mphepo simasokoneza mabwato kwa theka la ola.

Ndafunsa ngati yankholo lingafike mawa dzuwa lisanafike pamutu. Wayang'ana pansi, nati, “Agogo, mvula ya chaka chamawa, mwina.”

Wazula waya, wamata pepala la chidindo pabokosi, wandisiyira fomu ya masamba anayi. Cha ku Mulanje kwachita bii.

Loweruka

Kudambo tafika khumi ndi mmodzi, kuwerengera ine ndi mayi a kunyumba. Ena onse akuti sanamve. Ndasenza zidina ziwiriziwiri, ndili wokhumudwa, ndikukonzeratu mawu otulira udindo.

Dzuwa litapendeka, tamva nyimbo kunjira ya ku Ruo. Mzere wa anthu, nkhata kumutu, wautali koposa wa pasikelo! Patsogolo pali akatekisiti awo, a Alubeto, nati anamva mkulu wa mpingo akuchonderera m'chinenero cha makolo masiku atatu, ndipo anachita manyazi kukhala pansi. Polonjerana tapeza kuti amayi awiri ndi a mtundu wa agogo anga, amene anaoloka kalelo kudzathyola tiyi.

Athu aja amene sanamve aona fumbi, nayamba kutuluka m'malaini mmodzimmodzi, pakuti mlendo akamasenza njerwa za kachisi wako sungakhale pakhonde. Dzuwa lisanalowe zidina zonse zasanjidwa, uvuni wamatidwa ndi kufunditsidwa malata akale, moto wayatsidwa. Thobwa linatha pa ulendo wachiwiri.

Lamulungu

Mvula yagwa m'bandakucha, yamphamvu, ndipo uvuni ukufuka utsi wake osatekeseka. Ndalowa m'kachisi wakale mutu uli m'mwamba.

Atatha mapemphero ndapereka uthenga umene a Alubeto anandisiyira potsazika. Kwawo akumba maziko a nyumba yopemphereramo, miyala ili patsinde pa phiri, ndipo atidikira padooko Loweruka likudzali. Mpingo wagwirizana msanga, koposa masiku onse, kuti tipite, ndi kuti woyamba kukwera bwato akhale amene anaitana anthuwo. A Muhiwa awonjeza kuti eni mabwato otukwana aja akufunitsitsa kundiona nkhope.

Chibadwire sindinakwerepo bwato. Ndavomera, pakuti palibe pothawira. Ndafunsa a Muhiwa pambali ngati mu Ruo muli ng'ona nyengo ino. Akuti zing'onozing'ono zokha.