Fayini Pakati pa Linthumbu

Nkhani iyi ndimafuna kupita nayo kumanda. Koma poti mayi a kunyumba anaimwaza kale kumphakati wa kutchalitchi kwathu, bola muimve kwa mwini wake manyaziwo.

Mwana wathu woyamba, Tiyamike, ndi namwino ku Mangalande. Chaka chatha anatiuza kuti wapeza mnyamata womanga naye banja, mzungu, dzina lake Peter. Anati makolo a mnyamatayo akufuna kutilonjera pa foni ija yoonana nkhope, za chinkhoswe zisanayambe.

Mtima wanga unangoti myuu. Chingerezi ndinachisiya ku Sitandade 8, ndipo kuyambira pamenepo chakhala chikudyedwa ndi chiswe. Tiya anadziwa zimenezi, ndiye anayamba kundiphunzitsa pa foni.

"Adadi, mvetsetsani. Akati 'How are you?' inu muziti 'I'm fine, thank you, and you?' Basi."

"Nanga akafunsa mwa mtundu wina?"

"Akhoza kunena 'How's it going?' kapena 'How have you been?' kapena 'You alright?' Wonsewo ndi moni. Yankho lake ndi fine."

"Nanga bondo langa likundivutali?"

"Bondo lisalowemo."

"Nanga chiwawu chagwa m'kachewerechi?"

"Adadi, chonde. Kuno moni si malonje. Munthu mwendo uli chithyokere amati fine. Mukayamba zija mumachita ndi amalume, zoyambira pa mvula n'kukathera pa mbuzi, adzaganiza kuti tikupempha thandizo. Musandichititse manyazi."

Mawu omalizawo anandilasa. Mwanayu wavutika yekha kutali, ndiye ine bambo wake ndimuphere banja ndi pakamwa panga? Ndinalumbira kuti zivute zitani, ine ndili fine. Ndinkayeserera m'dimba ndikupalira, ndinkayeserera panjira yopita kutchalitchi, mpaka tsiku lina ndinamuyankha "and you" tambala.

Kwathu kuno m'munsi mwa Chongoni netiweki ndi yamwano. Imapezeka malo amodzi okha, pamwala wina kumtunda kwa dimba lathu, m'mphepete mwa nkhalango. Ukangosuntha phazi, yathawa.

Tsikulo linali Lamulungu masana, mvula itangokata. Ndinavala jekete ya paukwati wathu ndi tayi wobwereka. Mayi a Tiya anakwera pamwala ndi foni, ine ndinaima m'munsi mwake. Nawonso anali atapatsidwa lamulo lawo: foni iziloza adadi nthawi zonse, asatuluke m'chithunzi.

Foni ikulira choncho, ndinakumbukira mwambo. Asewere, makolo a mkamwini wako, suwalonjera chiimirire ngati wakumana nawo pa depoti. Ndinavula chipewa, n'kukhala pansi paudzu. Kuyang'ana pomwe ndikukhalapo sindinayang'ane, maso onse anali pa foni.

Nkhope zinatulukira. Tiya, Peter, ndi mayi ake a Peter atakhala pa sofa.

"Hello, Mr Banda. How are you?"

"I am fine, thank you, and you?"

Zinatuluka mosalala moti ndinadzisirira ndekha. Tiya anagwedeza mutu. Ine ndinangodikira fine wawo kuti titseke nkhani.

Mayiwo anausa moyo. "Oh, well, it's my hip, you see."

Ndipo anayamba. Tiya ankandimasulira pang'onopang'ono. Chiuno chawavuta chaka chonse. Adokotala oyamba anati chakuti, achiwiri anatsutsa. Mvula kwawoko sikukata. Denga likudontha. Galu wawo naye sakudya bwino. Abale anga, anali malonje athunthu, oposa a malume ake a Tiya. Ndinamuyang'ana mwana wanga ndi diso lofunsa, iye n'kuyang'ana kumbali.

Nkhani ili pa dokotala wachiwiri, ndinamva kanthu kakuyenda pa kakolo. Ndinaponya diso pansi. Mzere wofiirira, wonenepa ngati chingwe cha ng'ombe, unkachokera m'nkhalango, n'kudzalowa pansi pa ine, osatulukira mbali inayo.

Linthumbu.

Amene analionapo akudziwa khalidwe lake. Silithamangira kuluma. Limayamba lakwera mwaulemu, aliyense n'kupeza malo ake, kenako n'kudikira mluzu wa mkulu wawo.

Ndinayamba kuwerengera m'mutu. Ndikadzuka, ndawadula pakamwa asewere ali pakati pofotokoza matenda awo, mwano wosaneneka. Ndikasuntha, ndatuluka m'chithunzi. Ndikanena, ndiye kuti ndayamba malonje, tikupempha thandizo. Ndinasankha kukhala phee, n'kumagwedeza mutu mwachifundo pa nkhani ya galu.

Kenako anatulukira bambo ake a Peter, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Mr Banda, how's it going?"

Apa n'kuti gulu loyamba litadutsa m'mawondo. "Fine, thank you," ndinatero. Ndinayesetsa kumeza mawu otsalawo, koma lilime linali litaphunzira mopitirira muyezo. Linangomaliza lokha: "And you?"

"Not too bad, not too bad," anatero bambowo, ine n'kuthokoza Mulungu. Koma anakhala pansi, n'kuika kapu patebulo, n'kuyamba kufotokoza za tomato wawo amene nkhono zamutha.

Mukudziwa kuzizira kwa Dedza mvula ikangokata. Ine thukuta linali kamukamu, kolala yonse itanyowa.

Mayi a Tiya anaona. Ananong'ona ali pamwala pomwepo, foni ili chilozere.

"Bambo a Tiya, mwakhalira linthumbu."

"Ndikudziwa," ndinayankha mano ali chilumire, nkhope ikumwetulira.

"Dzukanitu."

"Gwirani foni, mayi."

Mayi ake a Peter anasendera pafupi ndi galasi, nkhope itakwinyika. "You alright, Mr Banda?"

Umenewu ndinauzindikira, unali pa mndandanda wa moni uja. "Fine, thank you, and you?"

Tiya naye anasendera. "Adadi, muli bwino koma? Maso anuwo afiira."

Mwana wanga, kundifunsa m'Chichewa chomveka bwino. Ine ndinamuyankha kuti, "Fine."

Ndinkaganiza kuti tafika kumapeto. Koma Peter anati agogo ake nawo akufuna kupereka moni. Anabwera nawo pang'onopang'ono, akuyenda ndi ndodo, ine ndikumva alendo anga akudutsa pa lamba. Atawakhazika, gogoyo anayang'ana foni nthawi yaitali.

"How do you do?"

Umenewu Tiya sanandiphunzitse. Koma mankhwala anali amodzi omwewo. "Fine, thank you."

"Pardon?"

"Samva bwino, adadi," anatero Tiya. "Kwezani mawu."

Ndinakoka mpweya kuti ndikweze mawu. Nthawi yomweyo mkulu wa linthumbu anaimba mluzu.

"FINE!"

Ndinadumpha ngati ndaponda khala lamoto. Chipewa uko, jekete uko. Ndinadzimenya m'ntchafu, ndinadzimenya kumsana, ndinapondaponda, osathandiza. Linthumbu likagwira silisiya, ndipo njira yake ndi imodzi yokha. Ndinamasula lamba, buluku n'kugwa.

"Fine! Thank you! And you!"

Mayi a Tiya ndi munthu womvera malangizo. Anauzidwa kuti adadi asatuluke m'chithunzi. Ndikathawira kumanja, foni kumanja. Ndikabisala kuseri kwa mtengo wa paini, iwo atsika pamwala, anditsatira. Ndipo netiweki ija imathawa ukangosuntha phazi, tsiku limenelo inagwira nji mpaka m'nkhalango.

Chomaliza chimene ndinamva foni isanazime ndi mawu a gogo uja: "Pardon?"

Tinatsika phiri. Thupi lonse linali zotupa, koma chimene chinkandiwawa si chimenecho. Ndinkangoona nkhope ya Tiya. Ndani angalole mwana wake kukwatira kubanja kumene bambo amavula buluku polonjera? Chakudya sichinalowe. Mayi a Tiya ankati akandiyang'ana n'kuthamangira kuseri kwa nkhokwe, ati kukatsokomola.

M'mawa mwake ndinakwera ndekha kumwala kuja. Ndinayamba ndafufuza pansi ndi kamtengo, kenako n'kuimba. Tiya anayankha mawu akunjenjemera, ine n'kuti basi, zatha.

"Mwana wanga, undikhululukire."

Kunali kuseka. Anaseka mpaka kutsamwa.

"Adadi, bwanji simunanene?"

"Si iwe unati bondo lisalowemo? Ndiye linthumbu likanalowera pati?"

"Ndawafotokozera zonse. Mayi ake a Peter alira misozi."

"Yamanyazi?"

"Ayi. Akuti chaka chonse palibe anamvetserapo nkhani ya chiuno chawo mpaka kumapeto. Amuna awo amathawira kudimba, Peter amayatsa TV. Inu mwaimva yonse, ndi ya galu yomwe, nyerere zili m'buluku. Akuti banja lotere salisiya. Chinkhoswe chilipo, adadi."

Ndinakhala pamwala paja. Ndinatsala pang'ono kulira.

"Koma pali kanthu kamodzi," anatero Tiya. "Apempha kuti muziimbirana Lamulungu lililonse. Akuti za chiunozo anangoyambapo chabe."

Mpaka lero Lamulungu masana mukandifuna, mundipeza kumwala, nditanyamula mpando ndi phulusa lothira mozungulira. Ndipo m'mudzi muno dzina la Banda linatha, ngakhale ana amanditchula kuti a Fayini.

Musanafunse asewere kuti ali bwanji, yambani mwafunsa pansi pomwe mukukhalapo.