Mikono Iwiri, Katemera Katatu

Anzanga onse a msinkhu wanga ali ndi chipsera chimodzi cha katemera wa nthomba. Ine ndili nazo zitatu. Adzukulu akafunsa ndimangoti kale boma linali lowolowa manja, koma inu ndikuuzani zoona, bola musaseke mokweza.

Inali nthawi ya Chitaganya, m'chilimwe, nthomba itamveka cha kumalire a Apwitikizi. Ine ndinali nditafunsira mbeta pamudzi wina kufupi ndi Sinda, dzina lake Elina. Malume ake, a Sakala, anati ndikawalimire kaye ndime, aone ngati ndingadyetse mbumba yawo, ndipo anandipatsa tsiku. Kulephera ndimeyo kunali kutaya Elina, poti panalinso mnyamata wina wochokera kuntchito kutali ku Walale amene ankazungulira pamudzipo ndi njinga yake yatsopano.

Tsikulo lili pafupi, otemera anafika kwathu atavala makaki. Anthu ambiri anathawira kudambo. Amene anapezeka, akangotemeredwa ankathamangira kuseri kwa nyumba kukafikisa pabalapo kuti pasatupe. Ena ankati mandimu ndiwo amapha mankhwalawo, ena ankati phulusa, mpaka kutsala pang'ono kugwirana m'makosi. Tsono ine matenda anga chibadwire ndi amodzi: sindipeza tulo ndisanadziwe chinthu. (Ndili mwana ndinaswa mazira a nkhuku yofungatira kuti ndione ngati mwanapiye amagona chagada kapena chafufumimba. Mkwapulo wake ndimaukumbukabe.)

Ndiye ndinapereka mkono wamanzere, anandikanda ndi kasingano, ine ulendo kukafinyirapo ndimu. M'mawa mwake, zii, palibe chotupa. Mandimu apambana! Koma mtima unati, nanga phulusa? Otemera aja anali atasunthira mudzi wotsatira. Ndinawalondola, n'kupereka mkono wamanja, n'kupakapo phulusa. Apanso zii.

Munthu wanzeru akanapita kukanola khasu lake. Ine ndinayamba kudzifunsa kuti, bwanji ngati mankhwalawa ndi madzi chabe, satupitsa n'komwe? Kuti ndidziwe, panafunika pena posapaka kanthu. Ndinabwereka chipewa cha achimwene n'kukaima pamzere m'mudzi wachitatu, malaya nditapinda pang'ono kubisa pakale paja.

"Nkhope iyi ndinaiona dzulo," anatero wotemera.

"Ameneyo ndi mng'ono wanga, bwana. Kwathu timafanana."

Chimene palibe anandiuza n'chakuti katemera ameneyu sathamanga. Patapita masiku, malo onse atatu anadzukira pamodzi, pa ndimu, pa phulusa ndi posapaka pomwe. Matuza ngati mabatani a jekete, mwanabele m'khwapa zonse ziwiri, thupi kutentha. Ndinkayenda mikono ili m'malere ngati nkhuku ya chitopa. Funso langa linayankhidwa bwino lomwe, koma linayankhidwa m'mawa wa tsiku la ndime.

Kumunda ndinapeza a Sakala atakhala pachulu, akupota fodya. Khasu ndinalinyamula kufika m'chiuno, misozi n'kulengeza. Ndinayesanso, linandipulumuka. Apo n'kuti Elina atafika ndi chipanda cha thobwa, atagwada chapatali, maso pansi.

"Tavulani malaya," anatero a Sakala. Ataona mikonoyo anaomba m'manja. "Mwaona? Ndinanena ine! Mankhwala a boma amapha mikono. Akabwera kuno anthu amenewa, mbumba yanga yonse kudambo, palibe wotemeredwa." Kenaka anatembenukira kwa ine mwachifundo. "Pitani mukachire, mwana wanga, si mlandu wanu. Ndime idzakudikirani."

Taonani mwayi wake! Ndikanangokhala chete, Elina anali wanga. Koma nthomba inali itayamba kale kuika maliro kutsidya kwa mtsinje, ndipo ine ndinali nditangotsekera mudzi wonse katemera ndi uchitsiru wanga. Ndinayang'ana nkhope yosalala ya Elina, mantha anandigwira kuposa manyazi.

"Bambo, katemera alibe mlandu. Ine ndinatemeredwa katatu."

"Katatu? Anachita kukumangani?"

"Iyayi, ndinkapita ndekha."

"Kukafunanji?"

"Kufuna kudziwa."

Ndinafotokoza zonse, ndimu, phulusa ndi chipewa chomwe. Elina anayesa kudzigwira, koma phwete linamupulumuka mpaka thobwa kutayika. A Sakala anakoka fodya wawo nthawi yaitali.

"Ngati chitsiru chatemeredwa katatu n'kukhalabe ndi moyo," anatero, "ndiye kuti kamodzi sikangaphe munthu. Mbumba yanga itemeredwa, ndipo wopakapo ndimu aonana ndi ine. Koma mwana wa mlongo wanga sindimupereka kwa munthu amene mawa adzabzala chimanga chokazinga kuti aone ngati chimera."

Anaterodi. Otemera atafika, a Sakala anali oyamba pamzere. Nthomba inadutsa chaka chimenecho, pamudzi pawo osatengapo munthu. Mvula isanagwe, Elina anakwera njinga ija.

Zinandiwawa, sindinama, ndipo mikono inachira msanga kuposa mtima. Masiku ano ndikakumana naye pamsika ku Katete, gogo wa zidzukulu zambirimbiri, nkhope ikadali yosalala, amandipatsa moni waulemu kenaka n'kufunsa motsitsa mawu, "Nanga lero tikufufuza chiyani?"

Katemera ndi kamodzi, monga anenera eni ake, ndipo sapakidwa kanthu. Zimenezo ndinazidziwa. Chimene sindidziwa mpaka lero n'chakuti ndikanatseka pakamwa pachulu paja, Elina akanakhala wanga kapena wa nthomba. Chimenecho chokha ndinachisiya osachiyesa.