Chigayo Choyenda

M'kabuku kanga kolembamo za tsiku ndi tsiku muli tsamba limodzi limene ndimalidumpha. Pamwamba pake ndinalemba ndi bolopeni yofiira, n'kudula mizere iwiri kunsi: "Lero ndapeza chimene chipumitse amayi." Ndikanadziwa ndikanalemba ndi pensulo.

Zinayambira m'thumba la jekete. Zipani zitachuluka kaunjika nayenso anachuluka, ndipo chaka chatha, ndili Fomu 3, abambo anandigulira jekete pamsika yoti ndizivala popita kusukulu m'mawa wa mu Juni. M'thumba la m'kati ndinapezamo pepala lopindapinda, losalala, lamitundu, long'ambidwa m'buku la otsatsa malonda a kunja. Panali chithunzi cha mzungu akukankha makina ofiira a matayala awiri. Kutsogolo kwa makinawo kunali kukamwa kwa mano achitsulo, pamwamba chitoliro chopindika, ndipo m'chitoliromo munkatuluka chinthu choyera mbuu chikuulukira m'mwamba.

Ndinangoona kamodzi, mtima n'kundiuza kuti ndi ufa. Ufa woyera.

Musanandiseke, tamvani. Kwathu kwa Nkhulambe chigayo chili kutali. Amayi amanyamuka Loweruka mbandakucha, thumba la mphale lili pamutu, n'kubwerako dzuwa litapendeka. Nthawi zina amabwerera ndi mphale yomweyo chifukwa dizilo watha. Njinga tili nayo imodzi, koma Loweruka ndi tsiku la msika, imanyamula chinangwa cha abambo (ndipo mwamuna woima pamzere wa kuchigayo amasanduka nkhani ya pachitsime). Ine ndikati ndiwalandire, amayi amakana: "Iwe senza mabuku, mutu wako ntchito yake ndi imeneyo." Changa chimakhala kuwathowa khosi ndi kansalu ka madzi otentha akafika. Ndiye kuona chigayo chokankha ngati wilibala, choti n'kufika nacho pakhomo, kunandisowetsa mtendere.

Lamulungu masana tikusenda nandolo pansi pa mango, ndinatulutsa pepala lija.

"Abambo, taonani. Chigayo choyenda nacho."

Analigwirira patali ndi maso monga amachitira ndi Baibulo. "Nanga chimanga chimalowera kuti?"

"Kukamwaku. Mumangochiyala pansi, n'kumakankha."

"Tawerenga zalembedwazi. Wa sekondale ndiwe."

Apa ndi pamene ndinachimwa. Mawu a papepalalo sanali Chingerezi. Munali "o" wodulidwa pakati ndi mzere, ndi "a" wovala kachipewa kozungulira. Ndikanangonena kuti sindikumva. Koma abambo anali atagulitsa chinangwa cha chaka chonse kuti ndikhale wa sekondale, ndipo ankandiyang'ana modikira. Ndinakonza kukhosi.

"Ndi Chingerezi chozama, cha Fomu 4. Koma akuti n'cholimba, sichidya mafuta ambiri, ndipo chimapera ngakhale nandolo." (Za nandolozo ndinawonjezera poona chimene chinali m'lichero.)

Amayi anapukuta manja n'kulandira pepalalo. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Nanga ufawu akuuthira pansi bwanji? Alibe mikeka?"

"Kwawoko pansi m'paukhondo, amayi."

"Ndi padenga pomwe pali mbuu."

"Akuyanika."

"Ndi m'mitengo momwe?"

"Imeneyo ndi mphepo."

"Anthu osasamala," anatero amayi, koma pepala sanabweze msanga.

Kunsi kwa chithunzi kunali mtengo wake, pambali pa manambala pali zilembo ziwiri, k ndi r. Ndinafotokoza kuti k ndi kwacha, ndipo r mwina ndi dzina la mwini sitolo. Abambo analemba pansi ndi kamtengo, n'kupeza kuti mbuzi zathu zinayi pamodzi ndi nandolo wa chaka chimenecho zikanakwanira, n'kutsala ya petulo woyambira.

Mbuzizo ndi za amayi, zochokera kwa makolo awo, ndiye sizituluka m'khola amalume asanamve. Amalume anabwera Lamulungu lotsatira, anabweranso linalo, ndipo maulendo onse awiri nkhani inali imodzi: kodi chinthuchi n'choyenera mtengo wake?

"Alamu, mbuzi imabereka," ankatero amalume. "Makina sabereka."

"Amabereka ndalama, alamu. Mudzi wonsewu udzagayitsa kwa ife."

"Chikathyoka dzino adzakonza ndani? Uja womata matayala pamsika?"

"Mwanayu aziwerenga malangizo ake."

"Nanga miyezi ya njala, chimanga chitatha m'nkhokwe, chizidzapera chiyani? Chizidzangokhala pakhonde nkhuku zikuikirirapo."

Ine ndinkangoyankhira m'kabuku kanga. Ndinalemba masamba atatu a zifukwa zogulira, ndi theka la tsamba la zifukwa zosagulira (ndipo thekalo ndinalilemba ndi zilembo zazing'ono). Ndinajambula amayi atakhala pampando wa ndalema, ine ndikukankha chigayo pabwalo, ufa ukugwera pamkeka osati m'mitengo.

Amayi sankalankhula pazokambiranazi. Lamulungu lachiwirilo, amalume atawafunsa kuti, "Nanga inu achemwali, eni mbuzi, mukuti bwanji?" anasisita khosi ndi dzanja.

"Ngati chingandichotse thumba pamutu, zipite. Koma yamawanga ija muisiye, ili ndi bere."

Chibadwire sindinawamvepo amayi akunena kuti thumba limawalemera. Ndinatsala pang'ono kuulula pomwepo kuti Chingerezi chija ndinachipeka. Sindinaulule, chifukwa ndinkakhulupirirabe kuti ngakhale mawu ndinapeka, chithunzi sichinama.

Apa n'kuti abambo atauza kale anzawo a pabawo. Azimayi anayamba kundiimitsa panjira kufunsa kuti chitini chimodzi tizidzagaya zingati. Ena ankandipatsa moni kuti, "Mwaswera bwanji a manijala?" ndipo ine, mopanda manyazi, ndinkayankha.

Amalume anavomera, koma anaikapo mfundo imodzi: pepalalo likaonedwe kaye ndi munthu amene anafikako kunjako. Munthu wotero tinali naye mmodzi, a Gondwe, aphunzitsi athu a jogalafe ochokera ku Rumphi, amene anakachitako kosi kwa Azungu. Loweruka abambo anajomba kumsika, n'kundikweza pakaliyala. Amayi anali atanyamuka kale ndi thumba lawo. Potuluka anangoti, "Mwina ndi komaliza."

Tinawapeza a Gondwe pakhonde akupolisha nsapato. Atatha malonje, abambo anapereka pepala ndi manja awiri, n'kufotokoza zonse, za mbuzi ndi za nandolo zomwe. Aphunzitsi anavala magalasi, anawavula, anatsokomola, kenako anati akufuna akamwe madzi. Anakhalitsa m'nyumbamo. Potuluka maso anali atanyowa.

"Bambo, chinthuchi ndinachionapo, ndipo n'chabwino kwambiri. Koma ndifunse: kwa Nkhulambe sinowo amagwa kangati pachaka?"

"Sinowo ndiye mbewu yanji?"

A Gondwe anatembenukira kwa ine. "Afotokozereni abambo anu. Funso limeneli munakhoza teremu yatha."

Ndinaimirira, manja kumbuyo, ngati m'kalasi (chifukwa chake sindikuchidziwa mpaka lero), n'kulakatula mmene ndinalowezera: "Ndi madzi oundana, ofewa, oyera, amene amagwa ngati mvula kumaiko ozizira." Ndikufika pa mawu oti "oyera", ndinaponya maso papepala lija. Tanthauzolo ndinaliloweza bwinobwino, koma buku lathu la jogalafe linalibe chithunzi.

"Ndiye ufa wanu ndi umenewo," anatero aphunzitsi mofatsa. "Ukagwa umatseka njira. Makinawa amaukokolola n'kuuponyera kumbali kuti munthu atulutse galimoto."

Abambo anayang'ananso chithunzi chija. "Ndiye kuti mzunguyu akusesa?"

"Akusesa."

"Tsache la petulo."

"Ndi choncho. Ndipo k ameneyu si kwacha, ndi ndalama ya kwawoko. Mbuzi zanu zinayi mwina zingagule tayala limodzi. Chilankhulochinso si Chingerezi, ngakhale ine sindichimva."

Abambo sanakalipe. Anangotembenuka pang'onopang'ono n'kundifunsa ndi mawu apansi: "Nanga za nandolo zija unaziwerenga pati?"

Ndinayang'ana nsapato za a Gondwe. Imodzi inali yopolisha, inayo ayi.

Kenako abambo, pofuna kuti ulendowo usapite pachabe, anafunsa ngati eni akewo amaliona tsachelo kukhala loyenera mtengo wake. Aphunzitsi anati nawonso amakangana. Ena amati limapulumutsa msana, ena amati limagwira ntchito miyezi yochepa, chaka chonse n'kumangokhala mosungira katundu, ndipo fosholo ndi yotchipa.

"Ndiye kuti amalume ako ali ndi abale kumeneko," anatero abambo, akundipatsira pepala langa.

Pobwerera sanapalase. Ankakankha njinga, ine ndili pambuyo. Ndinkaganiza za anthu a pabawo, za azimayi a zitini, koma makamaka za mawu aja oti "mwina ndi komaliza". Titafika pamphambano, abambo sanalowere yakwathu. Anakhotera ya kuchigayo.

Tinawapeza amayi atangomaliza kugayitsa, nsidze zili mbuu, akupinda nkhata. Anandiyang'ana kumaso kamodzi kokha.

"Si chigayo eti?"

"Ndi tsache, amake Fanuwelo," anayankha abambo (Fanuwelo ndi achimwene anga oyamba kubadwa). "Choyeracho ndi chisanu."

"Ndinkadabwa ine. Munthu sangataye ufa chonchija." Anaseka pang'ono, kuseka kosafika m'maso, n'kuwerama kuti asenze.

Abambo anagwira thumbalo. Analikweza pakaliyala, n'kuyamba kulimanga ndi malegeni, pamaso pa mzere wonse wa azimayi. Mmodzi wa kumudzi kwathu, amene anandifunsapo za mtengo wa chitini, anakuwa: "Taonani anzanga, chafika chigayo choyenda chija!"

Mzere wonse unagwa nacho chikhakhali. Abambo anamanga mfundo yomaliza osadzutsa mutu, n'kuti, "Ichi sichifuna petulo, koma chimagayira nyumba imodzi yokha."

Tinayenda atatu. Amayi anali pakati, mutu uli wopanda kanthu, nkhata ili m'manja. Ankangoisinthasintha, uku dzanja ili, uku linali, ngati sakudziwa poiika. Kangapo konse ndinawaona akutembenuza khosi kuyang'ana phiri, minda ya anthu, mbalame. Njira imeneyo ayendamo zaka zonsezi, koma ndi thumba pamutu munthu amangoyang'ana kutsogolo.

Mbuzi zikadali m'khola, ndipo yamawanga inaswa awiri (amalume amandikumbutsa nthawi zonse akabwera). Dzina la a manijala silinandichoke. Abambo amapita kuchigayo Loweruka lina, osati lililonse. Chinangwa chikachuluka thumba limabwerera pamutu pa amayi, ine n'kutenthetsa madzi.

Ndinaphunzirapo kuti chimene sindikuchimva ndizinena kuti sindikuchimva, ndipo ndinalemba zimenezi m'kabuku, ndi pensulo. Koma pepala lija sindinataye. Lili pakati pa masamba omwewo. Ndikudziwa kuti ndi sinowo, ndikhoza kukulakatulirani tanthauzo lake. Komabe ndikaliyang'ana ndimaona ufa, ndi amayi atakhala pampando wa ndalema. Ndipo dzana, pa phunziro la sayansi, ndinadzipeza ndikujambula kukamwa kwa makina aja kuseri kwa kope, n'kumadzifunsa kuti atangosintha mano okhawo, n'kuika sefa kuchitoliro, kodi sizingatheke? Abambo sindinawauze.